Zimene njala imalemba m'thupi la mwana

Sabata ino mukucheza ndi ine, mayi wa pamsika wa Nchalo, wogulitsa khobwe, nyemba ndi nsomba zouma. Sukulu ndinalekezera Folomu 4, koma kuwerenga sindinasiye. Makasitomala akachepa masana, dzuwa la kuno likafika poswa mtengo, ndimakhala pamthunzi n'kumawerenga pa foni. Zimene ndikulembazi ndazitolera kwa miyezi ingapo, ndipo chinandiyambitsa ndi mayi wina amene anafika pa benchi yanga mu Januwale.

Anali woyembekezera, mimba yoonekera kale. M'manja anali ndi ka walkman ka ufa, ndipo kwa ine anagula kambale kamodzi ka khobwe. Ndinamufunsa kuti, "Asisi, zimenezi zikwana nyumba yonse?" Iye anaseka n'kuti, "Adya bambo ndi ana, ine ndingokokota mumphika." Mawu amenewa munawamvapo, mwina munawanenapo nokha. Ndikufuna ndikuonetseni kuti mawuwa ali ndi mbiri yaitali m'chigwa chino, komanso kuti asayansi apeza njira imene njala yotereyi imalowera mpaka m'kati mwa maselo a mwana amene sanabadwe.

Tiyambe ndi kwathu. Katswiri wa mbiri yakale Elias Mandala, Mmalawi amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya Rochester ku America, analemba mabuku awiri onena za chigwa cha Shire, lina mu 1990, lina mu 2005. Anafunsa nkhalamba za ku Chikwawa ndi Nsanje, ndipo anapeza kuti makolo athu ankasiyanitsa zinthu ziwiri. Panali chaola, ndiye panali njala. Chaola ndi chija chimagwa kamodzi pa zaka zambiri n'kupululutsa midzi, ndipo iye anatchula cha 1862 mpaka 1863 ndi cha 1922 mpaka 1923. Njala ndi ija ya chaka ndi chaka, yoyamba nkhokwe zikatha, yotha zakumunda zikacha.

Chaola cha 1862 chinalembedwa ndi anthu amene anachiona ndi maso. David Livingstone anali atayenda mu Shire mu 1859 n'kupeza Amang'anja akulima mapira ndi thonje, akupota ulusi ndi kuluka nsalu. Amishoni a UMCA anamutsatira mu 1861 n'kukakhala ku Magomero. Bishopu wawo Charles Mackenzie atamwalira mu Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, otsalawo anatsikira kwa Chibisa, kufupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero. Mvula inakana, nkhondo zogwira akapolo zinabalalitsa anthu m'minda, ndipo pofika 1863 mitembo inkayandama mu Shire, ng'ona zitakhuta. Amishoni nawo anafa ena, manda awo alipobe.

Koma Mandala anadandaula kuti olemba mbiri amathamangira chaola chifukwa chili ndi mitembo yowerengeka, n'kuiwala njala ya chaka ndi chaka imene anthu akuchigwa amakhala nayo moyo wawo wonse. Inu ndi ine tikuidziwa. Ndi imene imatumiza amayi m'madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi kukazula nyika, madzi ali m'chiuno, ng'ona zili pomwepo. Njala imeneyi sipha ambiri poyera, ndiye timaiona ngati yapita tikangoyamba kukolola. Funso ndi lakuti, kodi imapitadi osasiya kanthu?

Kuti tiyankhe, tilowe kaye m'thupi. Thupi lanu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Pafupifupi selo iliyonse ili ndi ulusi wotchedwa DNA, umene muli malangizo onse opangira munthu. Malangizowo agawidwa m'zigawo zotchedwa majini. Musadzidzimuke, si majini a ziwanda aja ayi, ndi dzina chabe la tizigawo ta chibadwa, ndipo munthu ali nato pafupifupi 20,000. Chodabwitsa n'chakuti selo ya m'diso ndi selo ya m'chiwindi zili ndi majini ofanana ndendende. Nanga bwanji diso limaona, chiwindi n'kumasefa magazi? Yankho lagona pa mmene ulusiwo wakulungidwira.

Ulusi wa DNA wa m'selo imodzi mutautambasula ungatalike pafupifupi mamita awiri, koma umakwana m'kachipinda kosaoneka ndi maso. Mukukumbukira mmene agogo ankakulungira chingwe pa chitsononkho kuti chisapiringizike? Selo imachita chomwecho. Ili ndi mapuloteni otchedwa histone, amene amagwirana asanu ndi atatu n'kukhala ngati kachitsononkho. Ulusi umazungulira pamenepo pafupifupi kawiri, n'kupita pa kena, n'kupita pa kena, mpaka mamiliyoni. Ulusi ndi tizitsononkho take pamodzi ndiye chromatin. Pamene pakulungidwa mothina, jini ya pamenepo siwerengeka, ili ngati thumba lomanga pakamwa. Pamene pamasuka, jini imawerengedwa ndipo imagwira ntchito. Kumsika tonse titha kupikula katundu wofanana, koma kasitomala amagula zokhazo zimene wamasula n'kuyala pa benchi. Diso layala zake, chiwindi chayala zake.

Zimenezi sizinadziwike tsiku limodzi. Mjeremani Walther Flemming ndiye anapereka dzina lakuti chromatin cha m'ma 1880, ataona pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono kuti m'kati mwa selo muli chinthu chimene chimagwira utoto kwambiri. Mu 1884, chaka chimene mfumu ya Amakololo Chipatula inaphedwa ndi mzungu George Fenwick kuno kuchigwa, Mjeremani wina, Albrecht Kossel, anapeza ma histone m'magazi a atsekwe. Kwa zaka zambiri anthu ankangowaona ngati zokulungira basi, zopanda nzeru. Mu 1964, chaka chimene Malawi analandira ufulu, Vincent Allfrey ku New York anaona kuti ma histone amamatidwa tizizindikiro, ndipo anaganiza kuti tizizindikiroto ndi timene timatsegula kapena kutseka majini. Umboni weniweni unabwera mu 1996. David Allis anapeza puloteni imene imamata chizindikiro chotchedwa acetyl, ataifufuza m'kachilombo ka m'madzi a m'thamanda, ndipo chaka chomwecho Stuart Schreiber wa ku Harvard anapeza puloteni imene imachichotsa.

Lero tikudziwa kuti m'selo muli magulu a mapuloteni ogwira ntchito imeneyi usana ndi usiku. Ena ndi olemba, amamata zizindikiro pa histone kapena pa DNA penipenipo. Ena ndi ofufuta. Ena ndi owerenga, akaona chizindikiro amaitana anzawo kuti atsegule kapena atseke. Enanso ndi okankha, amasuntha tizitsononkho tija kuti jini ionekere. Chizindikiro cha acetyl nthawi zambiri chimamasula. China, chotchedwa methyl, chikamatidwa pa DNA pamene jini imayambira, kawirikawiri chimaitseka. Ndipo selo ikamagawikana, zambiri mwa zizindikirozi zimakoperedwa m'maselo atsopano. N'chifukwa chake khungu limabala khungu mpaka munthu kukalamba.

Apa ndi pamene nkhani ya m'selo ikukumana ndi benchi yanga. Wolemba amafuna inki. Methyl amene mapuloteni olembawa amamata amachokera m'zakudya, ndipo kuti thupi limukonze limafuna folate, amene ali m'masamba obiriwira ndi m'nyemba, vitamini B12 wa m'nsomba, nyama, mkaka ndi mazira, choline amene ali wambiri m'mazira ndi m'chiwindi, ndiponso methionine wa m'zakudya zomanga thupi. Nsima yokha ilibe B12 ngakhale pang'ono. Chinanso, mbewu ya bambo ikangokumana ndi dzira la mayi, zizindikiro zambiri zakale zimafufutidwa n'kulembedwa mwatsopano m'masiku ndi m'masabata oyambirira, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima. Akuluakulu anati m'mimba ndi m'chipala. Ankanena za ana a mayi mmodzi osiyana makhalidwe, koma anali pafupi ndi choonadi kuposa mmene ankaganizira.

Mu 2003 Robert Waterland ndi Randy Jirtle a pa yunivesite ya Duke ku America anayesa zimenezi pa mbewa. Anali ndi mtundu wa mbewa umene ana ake ambiri amabadwa achikasu, amanenepa moipa ndipo amadwala shuga. Zazikazi zina anazionjezera folic acid, B12, choline ndi betaine m'chakudya zisanatenge bere ndiponso zili ndi bere. Ana a zimenezi ambiri anabadwa ofiirira moderako. Jini inali yomweyo, koma methyl anali ataitseka.

Munthu sungamuyese ngati mbewa, koma nkhondo inachita zimene asayansi sakanaloledwa kuchita. Mu Seputembala 1944, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili kumapeto, ogwira ntchito za njanji ku Netherlands ananyanyala pofuna kufooketsa Ajeremani amene analanda dziko lawo. Ajeremani anabwezera potseka njira za chakudya kumadzulo kwa dzikolo, kenaka kunazizira mpaka ngalande zoyendamo maboti zinauma madzi. Kuyambira Disembala 1944 mpaka Epulo 1945, chakudya chimene boma linkagawa chinatsika kufika pakati pa makalori 400 ndi 800 patsiku, pamene munthu wamkulu amafuna 2,000 kapena kuposa. Anthu a ku Amsterdam ndi Rotterdam anadya mizu ya maluwa a tulip, monga ife timadyera nyika. Pafupifupi 20,000 anafa. Dzikolo linamasulidwa mu Meyi 1945 ndipo chakudya chinabwerera msanga.

Chimene chinasiyanitsa chaola cha Adatchi ndi chathu cha 1862 ndi mabuku. Zipatala zawo zinapitiriza kulemba tsiku lobadwa ndi kulemera kwa mwana aliyense, choncho anawo ankatha kuwalondola mpaka kukula. Mu 1976 ofufuza anaona zolembedwa za anyamata pafupifupi 300,000 amene anayezedwa polowa usilikali ali ndi zaka 19. Amene njala inawapeza m'miyezi yoyambirira ali m'mimba anali onenepa mopitirira kuposa anzawo. Kafukufuku wotsatira anapeza kuti obadwa m'njalayo ankadwala kwambiri shuga, ndipo amene inawagunda kumayambiriro kwa mimba ankadwala kwambiri mtima, ngakhale kuti ambiri a iwo anabadwa ndi sikelo yabwinobwino. Mu 2008 Bastiaan Heijmans, L. H. Lumey ndi anzawo anayeza magazi a anthu 60 amene mimba zawo zinayamba m'njalayo, n'kuyerekeza ndi abale awo a bere limodzi obadwa nthawi ya chakudya. Pa jini ya kakulidwe yotchedwa IGF2, ana a m'njala anali ndi methyl wocheperako. Kusiyanako kunali kochepa, koma kunali kukuonekabe patapita zaka pafupifupi 60, chifukwa cha njala ya miyezi yowerengeka.

Mwina mukuti, chimenecho ndi chaola, nanga njala yathu ya Januwale? Imeneyo inafufuzidwa ku Gambia, kumadzulo kwa Africa, m'midzi yozungulira Keneba, kumene bungwe la Britain la Medical Research Council lakhala likulemba za umoyo wa anthu kwa zaka zambirimbiri. Kumeneko nakonso nkhokwe zimatha nthawi ya mvula, ntchito ya kumunda ili pachimake. Mu 2010 ndi 2014, Andrew Prentice, Waterland uja ndi anzawo anaonetsa kuti ana amene mimba zawo zinayamba nthawi ya mvula anali ndi zizindikiro zosiyana pa majini ena poyerekeza ndi a nthawi ya chilimwe, ndipo kusiyanako kunkatsatira michere imene inali m'magazi a mayi pa nthawi yotenga mimba. Chochititsa chidwi n'chakuti a nthawi ya mvula ndiwo anali ndi methyl wochulukirapo pa majini amenewo. Nthawi imeneyo chakudya chokhutitsa chimachepa, koma masamba amachuluka. Ndiye kuti thupi limawerenga zonse ziwiri, kuchuluka kwa chimene mayi wadya ndiponso mtundu wake. Mandala ananena zoona: njala ya chaka ndi chaka nayo ili ndi mbiri, ndipo imalembedwa m'matupi.

Ana a ku Malawi nawo ali m'nkhaniyi. Mu 2019 kunatuluka kafukufuku wa Katharina Schulze, Neil Hanchard ndi anzawo, amene anapala maselo a m'kati mwa tsaya mwa ana 309 a ku Malawi ndi ku Jamaica odwala chifukwa chosowa zakudya. Anayerekeza ana otupikana, matenda aja achipatala amati kwashiorkor, ndi ana ongonyentchera osatupa. Otupikana anapezeka ndi methyl wochepa pa malo ambiri a DNA. Zimenezi zinagwirizana ndi zimene madokotala anali ataona kale, kuti ana otupikana amakhala ndi methionine wochepa m'magazi. Ndipo mvetserani apa: akuluakulu amene anadwala matendawa ali ana n'kuchira sanapezeke ndi kusiyana kumeneko. Zina mwa zimene njala imalemba zimafufutika mwana akathandizidwa.

Nditawerenga zimenezi ndinakhala chete nthawi yaitali, chifukwa ndinakumbukira 2015. Madzi osefukira a mu Januwale chaka chimenecho, amene anagunda kwambiri Nsanje ndi Chikwawa, anakokolola munda ndi mbuzi za mng'ono wanga. Anakhala miyezi pa kampu, akudya nsima ndi phala. Mwana wake wa zaka ziwiri anayamba kutupa mapazi, kenaka nkhope, tsitsi n'kufiira. Kuchimuna anati ndi tsempho. Anati mmodzi mwa makolo walumpha mwambo, ndipo mukudziwa nokha kuti chala chimaloza ndani zikatere. Mng'ono wanga analira, analumbira, banja linatsala pang'ono kutha. Tinachita kumunyamula mwanayo mokakamiza kupita naye kuchipatala, kumene anamupatsa mkaka wapadera, kenaka chiponde. Kutupa kunaphwa. Lero ali ku pulayimale, mpira ndiye sasiyana nawo. Amene ananyoza mayi ake sanapepesepo.

Sindikunyoza makolo. Anaona bwino kuti mwana wotupa amakhala ndi chochita ndi zimene zikuchitika m'nyumba, makamaka mayi akatenga mimba ina msanga n'kumuchotsa kubere. Koma mlanduwo anaupereka kwa munthu wolakwika. Ndipo ndikupempheni, musatenge nkhani ya maseloyi n'kuisandutsa tsempho watsopano, womanena kuti mwana wadwala chifukwa mayi ake sanadye bwino. Mayi wa ku Amsterdam sanasankhe nkhondo. Mng'ono wanga sanaitane madzi. Ine ndemwe ndinabadwa kumapeto kwa 1992, chaka cha chilala chachikulu chija, Nsanje itadzaza ndi othawa nkhondo a ku Mozambique. Mayi anga amati mimba yanga anaiyendetsa ndi nsima ya chimanga chachikasu cholandira. Ndilipo, ndikugulitsa, ndikulera ana. Asayansi omwewo amanena kuti zizindikirozi zimangokweza kapena kutsitsa mpata wa matenda, pamodzi ndi zina zambiri monga chibadwa, malungo, ntchito ndi zimene munthu amadya atakula. Chimene ndinasintha n'chakuti tsopano ndimakayezetsa BP ndi shuga, osadikira kugwa.

Koma chiwerengero chisatichoke m'maso. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno ndi opinimbira. Kuchokera pamenepo chigwa chino chaona Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023, ndi chilala cha 2024 chimene chinachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Pa tsoka lililonse timawerenga akufa, nyumba zogwa ndi mahekitala okokoloka. Mimba za mwezi umodzi zimene zinali m'makampu palibe amene amaziwerenga, chonsecho ndizo zidzanyamule chakacho nthawi yaitali kuposa tonsefe.

Buku lachiwiri la Mandala dzina lake likunena za kutha kwa chidyerano. Agogo athu ankachidziwa: mabanja angapo kubweretsa mbale pamodzi, wa mapira, wa nsomba, wa masamba, ndipo mwana wa nyumba yosowa ankadya nawo za nyumba ya mwanaalirenji. Chidyerano chinapita, aliyense amatseka chitseko n'kudya ndi ake. M'nyumba zotsekazo, mayi ndi amene amadya pomaliza, ndipo mtsikana wapakati amaletsedwanso mazira ati mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Dzira lomwelo ndi limene lili ndi choline ndi B12.

Sindikukuuzani zodula. Nkhwani, bonongwe, chisoso ndi kholowa zili m'madimba mwathu. Khobwe ndi nandolo timalima tokha. Matemba, makakana ndi mlamba zimachokera mu Shire momwemu. Mapiritsi a ayironi ndi folic acid amaperekedwa kusikelo, ndipo amathandiza kwambiri mayi akayamba msanga, osadikira kuti mimba ioneke. Popeza kulemba kwakukulu kumachitika mayi asanadziwe kuti waima, wofunika kumudyetsa bwino ndi mtsikana aliyense ndi mayi aliyense wa msinkhu wobereka, chaka chonse, makamaka miyezi ya njala. Mmera mpoyamba. Abambo amene mukuwerenga, mutu wa nsomba uja mwaudya zaka zambiri, taonani kaye m'mbale mwa akazi anu musanasambe m'manja. Apongozi, dzira limodzi silinametepo mwana.

Mayi wa mu Januwale uja ndinamuikira basela, kadzanja ka matemba, n'kumuuza kuti, "Awa ndi anu, musagawe." Anaseka, n'kuwamanga pa nsonga ya chitenje, padera ndi khobwe. Anabweranso mu Juni ali ndi khanda kumbuyo, mtsikana, ndipo anagula mbale ziwiri.